Okot p'Bitek: mlakatuli wa ku Gulu amene anaphunzira ndakatulo kwa mayi ake

Loweruka lapitali ndinali mmodzi mwa anthu amene tinadzaza mabenchi mu holo ija ya pafupi ndi msika kukamvera achinyamata akulakatula. Anthu anabwera ndithu, ena mpaka kuimirira kumbuyo, ndipo zimenezo pazokha n'zosangalatsa poti mtauni muno zochitika za masana zopanda mowa n'zosowa. Koma ndinene chilungamo. Pofika mlakatuli wachisanu ndi chimodzi ndinali nditayamba kusokoneza kuti uyu wanena ziti, uja ananena ziti. Pafupifupi aliyense ankadzutsa Africa, kutemberera umphawi kapena kulira chikondi. Mawu akuluakulu, manja m'mwamba, mizere yonse yothera pa chilembo chimodzi. Titatuluka, mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza pageti n'kundifunsa kuti ndakatulo yabwino imasiyana pati ndi yoipa, chifukwa iye anaona ngati anzake onse achita bwino, koma palibe mzere ndi umodzi womwe umene ankaukumbuka. Ndinamuyankha zobalalika. Sabata yonseyi funsolo lakhala likundizungulira m'mutu, ndipo yankho limene ndapeza ndi mbiri ya munthu wina.

Munthuyo ndi Okot p'Bitek wa ku Uganda, amene anamwalira mu 1982, ine ndisanabadwe n'komwe. Ndinakumana ndi buku lake la Song of Lawino ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, chaka chomwecho chimene fizi inandikanika n'kubwerera kunyumba. Mabuku ena onse ndinabweza ku laibulale, koma fotokope ya bukuli ndidakali nayo, masamba atada ndi thukuta la m'manja. Sindine katswiri ayi, digiri ndilibe. Koma chimene ndinatola pa moyo wa mkuluyu n'chakuti ndakatulo imayamba kukoma pamene mukumveka munthu weniweni, akulankhula ndi munthu wina, za zinthu zimene waziona ndi maso ake. Tiyeni ndikuuzeni mmene iye anafikira pamenepo.

Mwana wa mphunzitsi ndi woyimba

Okot anabadwa mu 1931 ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, makilomita oposa 300 kuchokera ku Kampala. Kumeneko n'kwa anthu a mtundu wa Acholi, ndipo nthawiyo dzikolo linali m'manja mwa Angerezi ngati mmene linalili lathuli. Dzina loti Okot kwawoko amapatsa mwana wamwamuna wobadwa mvula ikugwa. Bambo ake, a Jebedayo Opi, anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, komanso munthu wodziwa kusimba nthano. Mayi ake, a Lacwaa Cerina, anali wopeka nyimbo ndi wotsogolera magule, mayi wodziwika m'deralo. Ndiye mwanayu anakula pakati pa zinthu ziwiri. M'mawa kunali Chingerezi ndi nyimbo za m'tchalitchi, madzulo kunali nthano, miyambi ndi nyimbo za mayi ake.

Anthu a Acholi ali ndi magule awo ambiri: bwola wovinira mafumu, otole wa nkhondo, larakaraka wa anyamata ndi atsikana ofunana, kuphatikizapo nyimbo za maliro ndi zoyimba munthu akukhwacha chipangizo cha zingwe chotchedwa nanga. Nyimbo zoterezi sizilankhula m'malere. Amene munakulirako kumudzi mukuzidziwa za pamtondo. Mayi akamasinja sayimba za nkhanza za m'banja ngati mutu wa pa msonkhano wa bungwe. Amayimba za mwamuna wake amene wagula chitenje n'kukapatsa wina, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti akunena ndani, ngakhale mwamunayo akudutsa ndi khasu lake amamva. Sukulu yoyamba ya Okot inali ya mtundu umenewu, ndipo anailowa asanadziwe kulemba dzina lake.

Sukulu ya m'kalasi nayo anaichita bwino. Atamaliza ku Gulu High School anapita ku King's College Budo pafupi ndi Kampala, imodzi mwa sukulu zapamwamba kwambiri ku Uganda, kenako anakachita maphunziro a uphunzitsi ku Mbarara. Anabwerera kwawo kukaphunzitsa pa Sir Samuel Baker School kufupi ndi Gulu. Mu 1953, ali ndi zaka 22 zokha, anatulutsa buku lake loyamba, nkhani yaitali yotchedwa Lak Tar, yolembedwa m'chinenero cha Acholi. Ndi nkhani ya mnyamata wosauka amene akufuna kukwatira koma chiwongo chamukulira, ndiye akupita kumwera kukasaka ntchito, kuvutika ku Kampala ndi m'minda ya nzimbe, n'kubwerako chimanjamanja. Taonani, mnyamata wophunzira ku Budo, wodziwa Chingerezi bwinobwino, anasankha kulemba m'chinenero cha mayi ake za vuto limene anzake a m'mudzi ankagona nalo.

Mpira unamutengera ku Ulaya

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Okot anali katswiri wa mpira wamiyendo. Anasewera mu timu ya dziko la Uganda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anapita ndi timuyo ku Britain kukasewera masewero angapo, anyamatawo akuthamanga m'mabwalo a Azungu ena opanda nsapato. Anzake atakwera ulendo wobwerera, iye anatsala kuti aphunzire. Anachita za uphunzitsi ku Bristol, za malamulo ku Aberystwyth m'dziko la Wales, kenako anakalowa ku Oxford kukaphunzira za chikhalidwe cha mitundu ya anthu. Kunena mwachidule, munthuyu akanafuna akanabwerako loya wa suti ndi tayi, n'kuiwala zonse za ku Gulu.

Ku Oxford n'kumene mtima wake unawawa. Anapeza kuti aphunzitsi ndi mabuku a kumeneko ankakamba za anthu ngati mayi ake pogwiritsa ntchito mawu onyoza, owaika ngati anthu otsalira amene sanafike pa umunthu wokwanira. Iye ankadziwa kuti mayi akewo ankatha kupeka nyimbo yoti mudzi wonse ulire kapena useke, chinthu chimene mapulofesa ambiri sakanatha. Kafukufuku wake kumeneko anauchita pa nyimbo ndi nthano za anthu a Acholi ndi a Lango. M'zaka zomwezo chikhulupiriro chake cha Chikhristu chinazirala mpaka anachisiya. Chodabwitsa n'chakuti ulendo wonse wa ku Ulaya unamubwezera pakhomo pa mayi ake, kungoti tsopano ankadziwa mtengo wa zimene anazisiya.

Anabwerera dziko lake litalandira kale ufulu, umene unabwera pa 9 October 1962. Anagwira ntchito ndi yunivesite ya Makerere, ndipo gawo la ntchitoyo linali kuphunzitsa anthu akuluakulu kwawo ku Gulu. Kumeneko anayambitsa chikondwerero cha magule, nyimbo ndi zaluso, chimene chinkasonkhanitsa ovina ndi oyimba a m'midzi. Nthawi yonseyi anali ndi ndakatulo ina m'chikwama. Anailemba koyamba cha mu 1956 m'chinenero cha Acholi, dzina lake Wer pa Lawino, kutanthauza nyimbo ya Lawino, ndipo Lawino linali limodzi mwa maina a mayi ake. Osindikiza mabuku sanailandire. Iye sanaitaye. Anaikonza, kuiwonjezera, kuiwerenga mokweza pamaso pa anthu akwawo, kwa zaka pafupifupi khumi. Mu 1966 kampani ya East African Publishing House ku Nairobi inatulutsa ya Chingerezi imene anamasulira yekha, ndipo ya Acholi inatuluka mu 1969.

Woyankhula ndani, woyankhulidwa ndani

Song of Lawino ndi ndakatulo imodzi yodzaza buku lonse, yogawidwa m'zigawo 13. Woyankhula ndi Lawino, mayi wa kumudzi amene sanapite kusukulu. Mwamuna wake Ocol waphunzira mpaka ku yunivesite, ndipo tsopano akumunyoza mkaziyo, kunyoza apongozi ake, chakudya cha kwawo, magule a kwawo, chilichonse cha munthu wakuda. Wapezanso mkazi wina wa mtauni, Clementine, wodzola milomo ndi kuwongola tsitsi. Lawino akudandaula, nthawi zina kwa mwamuna wakeyo maso ndi maso, nthawi zina kwa abale a fuko lake kuti amve mlanduwo. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Amene tinalemba mayeso a Chichewa a MSCE tikukumbukira mafunso awiri aja osasowa pa pepala la ndakatulo, lofunsa woyankhula ndi lofunsa woyankhulidwa. Tinkawayankha kuti tipeze malikisi, osadziwa kuti ndi mafunso amene wolemba amayenera kudzifunsa asanagwire cholembera. Okot anali ndi mfundo zazikulu zokhudza utsamunda, chipembedzo ndi maphunziro, ndipo akanatha kuimirira yekha n'kumalalikira Africa yense. M'malo mwake anapereka pakamwa kwa mayi mmodzi amene banja lake likutha. Lawino akalephera kumubweza Ocol ataya mwamuna, ataya ulemu, ana ake akula pakhomo pogawikana. N'chifukwa chake mawu ake amatentha. Ndakatulo zambiri za Loweruka lija mukanafunsa kuti akulankhula ndani, yankho likanakhala loti aliyense, ndipo akulankhula ndi aliyense. Munthu akamalankhula ndi aliyense, amene wakhala pa benchi samva kuti akuuzidwa iyeyo, ndiye amatulutsa foni.

Chachiwiri ndi zinthu zogwirika. M'buku lonselo Lawino sachita phunziro la chikhalidwe. Amakamba za sitovu ya magetsi imene amaiopa, pomwe iye anazolowera kuphika atakhala pansi pa mafuwa, nsima yake ya mawere. Amakamba za koloko ya pakhoma imene mwamuna wake amailemekeza, chonsecho kwawo mwana amayamwa akalira, osati nthawi ikakwana. Amakamba za gule wa Azungu wogwirana m'chiuno m'chipinda chodzaza utsi wa fodya, za kalasi ya katekisimu kumene ankangobwereza mawu osawamva, za chipinda cha Ocol chodzaza mabuku. Ndale nazo amazionera pakhomo: Ocol ali chipani china, mchimwene wake ali china, onse akulalikira umodzi pa misonkhano koma awiriwo sadyera mbale imodzi. Ndipo pali dzungu lomera pabwinja, lochokera m'mwambi wa Acholi, limene limabwerabwera m'bukumo kuimira zakwawo zosayenera kuwonongedwa mwachibwana.

Apa ndi pamene oyamba kumene timagwera. Timaganiza kuti mutu ukakhala waukulu, mawu nawo akhale aakulu: umphawi, chisalungamo, tsogolo, chitukuko. Mawu amenewa alibe fungo, alibe mtundu, sungawagwire. Umphawi mtauni muno uli ndi nkhope. Ndi kathumba ka shuga ka walkman kogula m'mawa uliwonse poti paketi yathunthu yakanika. Ndi wakabaza amene akukankha njinga pa chitunda atanyamula munthu wonenepa kuposa iye. Ndi mayi wa mandasi akuwerenga makobidi pansi pa nyali ya khonde la sitolo ya eni. Mukatchula chimodzi mwa zimenezi, womvera amauona yekha umphawiwo inu osautchula dzina, ndipo chimene munthu waona yekha sachedwa kuchikumbukira.

Khutu ndiye woweruza

Pali chinthu china pa mbiri ya bukuli chimene chimandiphunzitsa kwambiri. Ndakatulo ya Acholi ija Okot anailemba mizere iwiriiwiri yothera mofanana mamvekedwe, luso limene anatengera ku ndakatulo za Chingerezi za kusukulu. Pomasulira m'Chingerezi zonsezo anazisiya, n'kulemba mizere yaifupiifupi yosafanana mathero. Mwiniwake anavomera poyera kuti kumasulirako kunawononga kamvekedwe ka ndakatulo yake. Komabe ya Chingereziyo, yopanda mathero ofanana, ndi imene inazungulira dziko lonse n'kumasuliridwa m'zinenero zina. Ndiye kuti moyo wa ndakatuloyo sunali m'mathero a mizere. Unali m'mawu a Lawino, m'zifanifani zake zotengedwa ku nyama, mitengo ndi ziwiya za kwawo, m'chibwereza chake chonga cha munthu amene wapsa mtima, ndi m'nthabwala zake.

Kwa ife olemba m'Chichewa nkhaniyi ndi yofunika kawiri. Mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera pa a. Kufananitsa mathero m'Chichewa n'kosavuta ngati kutola miyala pa msewu wafumbi. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kulemba mizere makumi awiri yothera mofanana osanena kanthu. Choopsa n'chakuti mathero aja amayamba kukuyendetsa: umafuna kunena china, koma poti mawu oyenera sakuthera pa chilembo chako, umasankha ena ongokwanira pamalopo. Sindikuti kufananitsa mathero n'kulakwa. Ndikuti si pamene pagona nkhani. Okot ankayesa ndakatulo yake poiwerengera anthu amene sakanamunamiza, anthu oti nyimbo ikakhala yozizira amangoyamba kucheza zawo. Muyeso umenewo tonse tili nawo kunyumba, ndipo ndi waulere.

Bukuli litatuluka linagwedeza East Africa. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1965, wolemba wina wa kudera lomwelo, Taban lo Liyong, anali atadandaula m'nkhani yake kuti chigawochi n'chouma pa zolembalemba poyerekeza ndi West Africa. Song of Lawino inaonetsa kuti chuma chinalipo kale m'midzi, chimangosowa wochitola. Olemba ena anatsata njira yomweyo ya ndakatulo yaitali ya munthu mmodzi wodandaula: Okello Oculi anatulutsa Orphan mu 1968, Joseph Buruga anatulutsa The Abandoned Hut mu 1969. Mabukuwa ali ndi zabwino zake, koma palibe limene linafika pamene panafika Lawino. Kutengera kapangidwe ka mnzako n'kosavuta. Chovuta n'kukhala ndi zaka makumi atatu za nyimbo za mayi ako m'makutu. Izi ndikunenera anzanga amene mumamvera alakatuli otchuka pa wailesi n'kutengera mpaka kakokedwe ka mawu ndi kapumidwe kawo.

Mawu amene anamudyera ntchito

Mu 1966 momwemo Okot anasankhidwa kukhala mkulu wa Uganda National Cultural Centre, kumene kuli National Theatre ku Kampala. Malowa kale ankadzaza ndi zisudzo za Azungu okhala m'dzikomo. Iye anatsegula zitseko kwa ovina ndi oyimba a m'midzi. Koma pakamwa pake sipankasankha. Monga mmene ankadzudzulira atsamunda, ankadzudzulanso andale akuda amene analowa m'nyumba za atsamundawo n'kumadya okha. Boma la Milton Obote silinakondwe, ndipo posakhalitsa ntchito inatha. Anasamukira ku Kenya, kumene anagwira ntchito ndi yunivesite ya Nairobi kwa zaka zambiri, n'kuyambitsanso chikondwerero cha zaluso ku Kisumu. Mu 1969 anakakhalako ku Iowa, m'dziko la America, pa pulogalamu ya olemba ochokera m'maiko osiyanasiyana.

Ali ku Kenya anapitiriza kubwereka pakamwa pa anthu ena. Mu 1970 anatulutsa Song of Ocol, kumupatsa mwamuna uja mpata woyankha. Mu 1971 kunabwera Two Songs, buku la ndakatulo ziwiri: ina woyankhula ndi mkaidi ali m'chitokosi, ina ndi mayi woyendayenda amene akuvula chinyengo cha abusa, aphunzitsi, apolisi ndi amuna apabanja omwe amamunyoza masana n'kumufuna usiku. Yachiwiriyi dzina lake ndi Song of Malaya, ndipo musaganize za malaya ovala, m'Chiswahili mawuwa amatanthauza mkazi wogulitsa thupi. Bukuli linapata mphoto ya Jomo Kenyatta Prize for Literature mu 1972. Muone kuti njira yake sinasinthe: nkhani ya ndale za dziko akuipereka kwa munthu womangidwa amene akuganiza za ana ake, nkhani ya chinyengo akuipereka kwa amene amachiona chitavula.

Sindikufuna kumupanga mngelo. Owerenga ambiri, ine ndemwe, timaona kuti Song of Ocol ndi yofooka poyerekeza ndi ya Lawino. Chifukwa chake n'chophunzitsanso. Okot ankamukonda Lawino ndipo ankamudziwa mpaka kapumidwe. Ocol sankamukonda, ndiye anamupatsa mawu a munthu wongolusa, wofuna kuphwanya chilichonse chakale, moti umavutika kukhulupirira kuti munthu wotere angakhaleko. Chonsecho Okot mwiniwake, wa ku Budo ndi Oxford, anali pafupi ndi Ocol kuposa ndi Lawino, ndipo akanatha kutiuza ululu wa munthu wophunzira amene wasowa kwawo. Enanso amadandaula kuti Lawino amamunyoza kwambiri Clementine, mkazi mnzake, ndipo Clementineyo sapatsidwa mpata woyankha. Phunziro lake n'lakuti ukabwereka pakamwa pa munthu, umumvere kaye, ngakhale ndi mdani wako. Ukamulembera mawu oti angooneka chitsiru, womvera amazindikira kuti wabera.

Oxford ija sinamalize naye bwino. Kafukufuku wake wa digiri ya udokotala, wokhudza chipembedzo cha makolo ake, anakanidwa mu 1970. Iye anangomutulutsa ngati buku, Religion of the Central Luo, pamodzi ndi lina lowawa kwambiri, African Religions in Western Scholarship, lotsutsa akatswiri amene ankakakamiza zikhulupiriro za anthu a mu Africa kuti zifanane ndi za ku Ulaya. Ndikamawerenga mbali imeneyi ndimapezako mtima pang'ono, ine wa digiri yothera panjira, ngakhale ndikudziwa kuti kukanidwa udokotala ku Oxford ndi kusowa fizi chaka chachiwiri ndi zinthu zotalikirana. Mu 1973 anatulutsa Africa's Cultural Revolution. Mu 1974 anatulutsa Horn of My Love, m'mene anasonkhanitsa nyimbo za Acholi m'chinenero chake n'kuzimasulira, ndipo mu 1978 Hare and Hornbill, buku la nthano za kwawo. Munthu wotchuka kale anathera zaka akulemba nyimbo za anthu a m'midzi, poti ankawawerengera kuti ndi alakatuli anzake.

Kwawo zinthu zinali zitaipa. Idi Amin analanda boma mu January 1971, ndipo anthu a Acholi ndi a Lango anaphedwa ambiri, makamaka amene anali asilikali. Mu February 1977 anaphedwanso Akibishopu Janani Luwum wa mpingo wa Anglican, yemwe anali wa mtundu wa Acholi. Okot anakhala kunja zaka zonsezo, munthu amene luso lake lonse linkadalira kumva anthu akwawo akulankhula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaphunzitsako ku Texas ndi ku yunivesite ya Ife ku Nigeria. Amin atagwa mu 1979 njira yobwerera inatseguka, ndipo mu 1982 Makerere inamupatsa udindo wa pulofesa wophunzitsa luso la kulemba. Sanaugwire nthawi yaitali. Anamwalira ku Kampala mu July chaka chomwecho ali ndi zaka 51. Mabuku ena anatuluka iye atapita, monga Artist, the Ruler mu 1986, ndi Lak Tar ya Chingerezi, White Teeth, mu 1989. Ana ake aakazi awiri, Jane ndi Juliane, nawonso anatulutsa mabuku a ndakatulo, ndipo mu 2001 Taban lo Liyong uja anamasuliranso Wer pa Lawino mwa njira yake.

Yankho langa kwa mnyamata wa pageti

Ndisanaloze ena chala ndiulule zanga. Nditangobwerako ku yunivesite ndinalemba ndakatulo yaitali ya m'Chichewa yokhudza maloto osweka. Ndinaikamo mikuluwiko yonse imene ndinkaidziwa, ina yochita kufufuza m'buku la Fomu 4. Tsiku lina madzulo ndinawawerengera mayi anga akusenda mbatata. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani. Palibe anamwalira. Ndinkafuna kunena za tsiku limene ndinatsika minibasi ndi chikwama ndi matiresi, anthu a pa depoti akundifunsa ngati tatsekera kale, ine n'kunama kuti eya. Zimenezo sindinazilembe chifukwa zinkandichititsa manyazi, ndiye ndinabisala kumbuyo kwa mawu akuluakulu. Mayi anga sanawerengepo Okot, koma anagwira vuto lomwe lija: munalibe munthu m'ndakatulomo, munalibe chimene akanachiona.

Ndiye iwe mng'ono wanga wa pageti, ndi anzako onse amene mukukonzekera ulendo wotsatira, yankho langa ndi ili. Musanalembe, dziwani amene akulankhula, kaya ndi inu nomwe, kaya ndi agogo anu, kaya ndi kondakitala, ndipo dziwani amene akuuzidwa. Dzifunseni chimene woyankhulayo ataye ngati samvedwa. Mukatha kulemba, dutsani mzere ndi mzere n'kuona kuti ndi ingati imene muli chinthu choti munthu angachione, kuchinunkhiza kapena kuchigwira. Mwambi kapena chining'a chilowe pokhapokha ngati woyankhulayo angachinenedi pakamwa pake, osati chifukwa mukufuna tidziwe kuti mumachidziwa. Kenako kawerengereni munthu wa kunyumba amene sakuopani, muone pamene wasiya ntchito yake n'kutukula mutu, ndi pamene wayamba kuyang'ana kumbali. Pamene wayang'ana kumbalipo dulani, ngakhale pakhale pa mzere umene mumaukonda.

Ndipo musathamange. Ndakatulo yolemba Lachisanu usiku n'kuilakatula Loweruka masana imamveka kuti ndi ya dzulo. Okot anasunga yake zaka pafupifupi khumi. Sindikuti nanunso mudikire mpaka mumere imvi, koma sabata ziwiri m'kabuku sizingakupheni. Mvetseraninso anthu: amayi pa mjigo, ogulitsa pa msika, nyimbo za pa maliro ndi pa chinkhoswe, mmene agogo amakalipira mbuzi. Chichewa chimene chingakupatseni ndakatulo chili kumeneko, ndipo mtauni muno sichisowa.

Fotokope yanga ija ndikhoza kubwereketsa kwa amene akuifuna, bola ibwerere, chifukwa ina ndilibe. Ine ndayambiranso ndakatulo ya matiresi ija, ulendo uno ndikuyambira pa depoti pomwepo. Ndikaimaliza ndikawawerengera kaye mayi, ndipo akapanda kufunsa za maliro mudzandiona nane pa ndandanda wa olakatula mu holo muja.